Tsamba Limodzi la a Gawo

Pa khoti paja panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Gawo, chifukwa ngakhale uwafunse nthawi yotsekera ofesi, iwo ankayamba ndi kuti, "Malinga ndi gawo lakutilakuti." Anali kalaliki, ndipo anakhala pa tebulo limodzimodzilo zaka makumi awiri, kusanja mafayilo, kudinda zidindo ndi kuitana mayina a mboni. Maloya ena amene tsopano ankawatuma anafika pa khotipo ali anyamata osadziwa n'komwe khomo lolowera. Zimenezi zinkawadya mumtima a Gawo, mpaka analembetsa maphunziro a zamalamulo, ophunzira uku akugwira ntchito.

Koleji inkapereka zaka zisanu ndi ziwiri basi, osawonjezera ngakhale sabata, ndipo a Gawo anali m'chaka chomaliza. Mayeso onse anali atakhoza, ena mokwawa. Kunangotsala kulemba kafukufuku ndi kukamuteteza pamaso pa aphunzitsi atatu. Kulephera pamenepo kunali kutaya zaka zonse zija m'madzi.

Ankalemba za ufulu wa mkazi wamasiye pa nyumba imene anamanga ndi mwamuna wake. Nkhaniyi ankaimva mumtima, pakuti amasiye otere ankawaona tsiku ndi tsiku atakhala pa benchi ya panja, mapepala awo atawakulunga m'kathumba ka pulasitiki. Nsanamira ya kafukufuku yense inali ndime imodzi ya chigamulo cha khoti la apilo. Anaipeza m'manotsi ofotokopa amene ophunzira ankapatsirana chaka ndi chaka, tsamba limodzi lozilala, mzere wapamwamba utadulidwa ndi makina. Mawu ake anali okoma moti a Gawo anawaloweza, n'kumawanena ngakhale posamba.

Akazi awo ankaphunzitsa nthano ndi ndakatulo ku sekondale. Loweruka lina masana, mayiwo akuchonga makope pa tebulo lodyera, a Gawo anawaikira patsogolo mutu wachitatu wa kafukufuku uja. Tinene zoona, bambowo sankafuna kukonzedwa. Ankafuna kuyamikiridwa. Mayiwo anawerenga mwakachetechete, nafika pa ndime ija, naibwereza kawiri.

"Bambo, ntchito mwaigwira. Koma mawu mwaika apawa, akulankhula ndani?"

"Khoti, mayi. Simunaone pamwambapo?"

"Khoti ndi nyumba. Ine ndikufunsa munthu. Tamverani mmene akunenera: 'Tsiku lina lamulo lidzamva kulira kwa mayi ameneyu.' Munthu amene wapambana sadikira tsiku lina, amalamula lero lomwe. Uyu akumveka ngati munthu amene anzake amusiya yekha."

A Gawo anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamano. "Mayi, izi si ndakatulo ayi. Malamulo ali ndi eni ake. Inu pitirizani ndi makope a ana anuwo."

"Malamulo sindiwadziwa, zoonadi," anatero mayiwo, osakweza mawu. "Koma chigamulo chonsecho si chili ku laibulale ya kuntchito kwanu konko? Kachiwerengeni chonse, bambo. Mukapeza kuti ndalakwa, mudzandiseke chaka chathunthu."

Laibulaleyo inali pamwamba penipeni pa ofesi ya a Gawo. Masitepe ake sankakwana makumi atatu, ndipo kiyi wake ankakhala m'dirowa yawo yomwe. Koma kukwera masitepe amenewo kunali kuvomera kuti mphunzitsi wa ndakatulo waona chimene kalaliki wa zaka makumi awiri sanaone. Anawadutsa m'mawa, nawadutsanso madzulo, miyezi itatu yathunthu. Kudzikuza kumalemera miyendo kuposa ukalamba.

Kuyambira tsikulo mapepala aja sanafikenso pa tebulo lodyera. A Gawo ankawawerengera anzawo a mu ofesi pa nthawi yopuma, ndipo kumeneko kunalibe wofunsa mafunso. Mayi wotayipa makalata ankagwira pachifuwa n'kunena kuti, "Koma abale, mutu uwu! Chaka chamawa tizikutchulani kuti a loya." Mphunzitsi wowayang'anira ku koleji anawaitana kawiri kuti akakambirane zolembazo. A Gawo, atalawa kale kuwawa kwa kukonzedwa, ankapeza zifukwa, lero khoti lachedwa kuweruka, mawa mutu ukuwawa. Kafukufukuyo anakamupereka pa tsiku lotsekera, atamangidwa bwino m'chikuto chakuda.

Tsiku loteteza litafika, analowa m'chipinda chokhala ndi tebulo lalitali, aphunzitsi atatu atakhala mbali imodzi. Pakati panali apulofesa achikulire, mayi wa imvi, ndipo patsogolo pawo panali buku lalikulu lotsegula. A Gawo analankhula mphindi khumi mosadodoma, nanena ndime ija pamtima, mawu akunjenjemera ndi chisoni. Apulofesa anawadikira mpaka anamaliza.

"Bambo, pa mlandu umenewu oweruza anali angati?"

M'manotsi a a Gawo muja munalibe zimenezo.

"Anali asanu," anatero apulofesa, akutembenuza bukulo kuti a Gawo aone okha. "Anayi anagamula kuti nyumba ipite kwa abale a mwamuna. Mmodzi yekha ndiye anakana, ndipo mawu amene mwamangapo kafukufuku wanu ndi a iyeyo. Mayi wamasiye uja anatuluka m'nyumba, bambo. Mlandu sanapambane."

A Gawo anaweramira bukulo, naona okha.

"Mukanalemba kuti mmodziyo ndiye ankalondola, n'kutiuza chifukwa chake, bwenzi lero tikukuomberani m'manja," anapitiriza apulofesa, ndipo m'mawu mwawo munalibe mkwiyo. "Koma inu mwalemba masamba makumi asanu ndi atatu kuti limeneli ndilo lamulo. Mawa wamasiye akadzakhala patsogolo panu, mudzamulonjeza nyumba imene khoti silingamupatse. Kodi palibe amene anakuwerengerani zolembazi musanapereke?"

"Analipo," anayankha a Gawo, maso ali pansi. Kenako anapempha, munthu wamkulu, ndi mawu a mwana. "Chonde, mundipatseko mwezi umodzi wokha. Ndilembanso."

"Zaka zanu zikutha sabata ino. Zimenezo sitingazisinthe ife."

Anatuluka dzuwa likadali pamutu, nayenda wapansi mpaka kunyumba, ngakhale basi zinalipo. Ankachedwetsa dala ulendo, pokonzekera mawu amene ankadziwa kuti akuwayenera. Anapeza akazi awo akuanula zovala pachingwe. Mayiwo atangowaona nkhope, anaika beseni pansi.

"Anali mmodzi, mayi," anatero a Gawo. "Anzake anayi anamukana. Basi, zatha."

Anadikira kumva kuti ndinakuuzani, koma mawuwo sanabwere. Mayiwo anawavula jekete, nawakhazika pa mpando wa pakhonde, kenako anakhala pambali pawo n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Misozi imeneyo inawapweteka a Gawo kuposa mafunso onse a apulofesa. Pamenepo m'pamene anazindikira kuti zaka zisanu ndi ziwiri zija sanazisenze okha, ndipo sanazitaye okha. Mwa onse amene anamva zolemba zawo, amene anawakhumudwitsa ndi yekhayo amene ankafunitsitsa kuti akhoze. Akuluakulu sanalakwe ponena kuti wakutsina khutu ndi mnansi.