Nambala ya Mwamuna, Manja a Mkazi

Panali mayi wina, dzina lake Felesiya, amene ankathyola tiyi pa esiteti ina kuseri kwa phiri. Kumeneko munthu sankadziwika ndi nkhope koma ndi nambala. Ukafika pa sikelo ndi dengu lako, unkatchula nambala, kalaliki n'kulemba.

Nambala imene ankatchula Felesiya inali ya mwamuna wake. Bamboyo atadwala msana, mkaziyo anangobereka dengu n'kulowa m'munda kuti malo asapite kwa wina. Mukudziwa inu, timatero. Msana unapola, koma mwini nambala anakakwatira kwina, osabweranso. Felesiya anathyolabe, pamvula ndi padzuwa, zaka zisanu ndi zinayi. Kapitawo wake, a Namakhwa, ankadziwa zonse. Ankangoti, "Musadandaule mayi, dzinalo tidzakonza." Ha, kudzakonza kwake kuti!

Chaka china kampani inabweretsa makina othyolera tiyi, ntchito n'kuthera anthu ambiri. Kunalengezedwa kuti aliyense wochotsedwa alandira thandizo loti limugwirize mpaka atapeza pena pogwira. Felesiya anaima pamzere, mtima uli pa ana ake atatu, poti nyumba ya kampani anali atauzidwa kuti atulukemo pakutha pa mwezi.

Nambala ija itaitanidwa, anatulukira anthu awiri. Mwamuna uja anali atafika, malaya ositasita, chiphaso kumanja.

Bwana wogawa thandizo anali mlendo. Anatembenukira kwa kapitawo n'kufunsa kuti, "Bambo Namakhwa, wakhala akugwira ntchito pa nambala iyi ndani?"

Felesiya anangotambasula manja, zala zakuda ndi utomoni wa tiyi, zong'alukang'aluka.

A Namakhwa anawaona manjawo. Koma kulola munthu kugwira pa nambala ya wina unali mlandu, ndipo nawonso thandizo lawo linali lisanatuluke. Analoza mwamuna uja.

"Ndi awa, bwana."

Pamzere ponse anthu amene ankadya chinangwa ndi Felesiya pansi pa mtengo umodzi anangozyolika. Mwamuna uja anakolola pamene sanalime, n'kukwera njinga yake. Mwezi utatha, Felesiya anabweza dengu la kampani, n'kutsika msewu ndi ana ake, katundu pamutu. Kumene anapita palibe akudziwa. A Namakhwa thandizo lawo analandira lonse, anagulira malata, koma mpaka lero tiyi samwa.

Abale anga, nkhani imeneyi imandiwawa. Pakati panu alipo amene akukhetsa thukuta pa dzina la wina, ena osalembedwa n'komwe. Musanene kuti mudzakonza. Akonzereni dzina lero, ntchito ikadalipo, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo tsiku logawa likadzafika, musadikire kuti akufunseni, tsegulani pakamwa. Tikanayankhula awiri okha tsiku lija, ana aja akanadya. Ine ndinali wachitatu kumbuyo kwa Felesiya pamzere uja, ndipo ndinkayang'ana zala za kumapazi kwanga.