Nachifunga, Woyankha Odi

Kalekale, milungu sinkatsika kumwamba. Inkabadwa pakamwa pa anthu.

Munthu mmodzi akanena kanthu, kankapita ndi mphepo. Akanena awiri, kankatsalira pang'ono ngati utsi. Koma mudzi wonse ukanena, n'kunenanso, n'kukhulupirira, kanthu kaja kankamera miyendo. Kankayamba kupuma.

Ndi mmene anabadwira mulungu wa pachitsime, amene ankabweza zikho zogwera m'madzi. Ndi mmene anabadwira wa pachulu, wamfupi ngati chitsa, amene ankauza ngumbi tsiku lotuluka. Anthu akamutchula, mulungu ankakula. Akamuiwala, ankachepa, n'kuchepa, mpaka kusanduka mame.

Ukumva, mwanawe? Tsono tamvera za mmodzi wa iwo.

Panali mudzi patsinde pa phiri. Njira yopita kuseri, kumene anthu ankakasinthanitsa mchere, inkadutsa pampata. Pampatapo chifunga sichinkachoka. Kumanzere thanthwe, kumanja phompho. Ankapita ambiri, ena osabwerera.

M'mudzimo munali mwamuna dzina lake Chatsalira, ndi mkazi wake Nangondo, woumba mbiya.

Tsiku lina, ali paulendo wa mchere ndi anzawo a m'mudzi, anafika pampata. Onse anaima. Chifunga chili mbuu. Nangondo anatula mbiya zake, nagwada, naomba m'manja.

"Odi kuno!"

Anthu anaseka. "Nangondo, mukuodira yani? Chifunga chili ndi makutu?"

Chatsalira ananong'ona, "Inu, dzukani. Mukundichititsa manyazi."

"Mukufuna ndilowe kwa eni ngati mbuzi?" anatero Nangondo.

"Nanga eni akewo bwanji sakuyankha?"

Nangondo anabisa nkhope m'nsalu, nadziyankha yekha ndi mawu otsika: "Lowani, alendo. Pondani pomwe ndaponda."

Anaseka mpaka misozi. Anadutsa akuseka. Ndipo tsiku limenelo palibe amene anagwa.

Zimenezi zinasanduka masewera. Aliyense wofika pampata ankaodira, mnzake n'kumuyankha motsanzira mawu a Nangondo. Ankaodira, n'kuyankhana. Ankaodira, n'kuyankhana. Pang'ono ndi pang'ono kuseka kunatha, kugwada kunatsala.

M'mawa wina anaodira. Pagulupo palibe amene anatsegula pakamwa. Koma yankho linabwera, kuchokera m'kati mwa chifunga:

"Lowani, alendo. Pondani pomwe ndaponda."

Chifunga chinang'ambika pakati ngati nsalu, ndipo pansi panaoneka mapazi onyowa, akutsogola.

Anamutcha Nachifunga.

Wina anati ndi wamtali ngati nsungwi. Anatalika. Wina anati amavala nsalu yoyera yosasokedwa. Anaivala. Ana anati amanunkhira ngati dothi mvula yoyamba ikagwa. Ananunkhira. Koma mawu ake palibe amene anawasintha. Mawu anali a Nangondo.

Chaka china kunabwera aulendo ofuna onyamula katundu, kupita kutali kumene dzuwa limatuluka m'madzi owawa. Chatsalira anatenga ndodo yake.

"Ndibwera mvula isanagwe," anatero.

"Mukachedwa mudzapeza mbiya zonse zili ndi eni," anatero Nangondo, akuseka.

Mvula inagwa. Inatha. Inagwanso. Ulendo uwu unkabala ulendo wina, ulendo wina n'kubala unzake. Chatsalira ankati mawa, ankati mawa. Tsiku lina anaweramira pamadzi kuti amwe, naona nkhalamba ya mutu woyera ikumuyang'ana. Pomwepo anatembenuka, nalunjika kwawo.

Anayenda, anayenda, mpaka anafika kuseri kwa phiri lawo. Anapeza mayi wina akuphika mchere.

"Mayi, kodi Nangondo woumba mbiya, wa patsinde paja, mumamudziwa?"

Mayi uja anasiya chipande. "Ndinu ndani wake?"

"Ndine mwamuna wake."

"Ogo! Pepani, bambo. Anatisiya chimanga chili m'munda. Mowa wa m'meto wotsiriza wapsa kale. Akumeta mawa."

Chatsalira anakhala pansi. Ankadziwa mwambo. Abale akameta komaliza, mzimu umanyamuka, sucheukanso. Amene sanametedwe nawo, ndiye kuti sanatsanzike.

"Ndidzera pampata," anatero.

"Musayese! Ife timazungulira phiri masiku ano, mwezi n'kufa tili m'njira. Nachifunga amadya anthu."

"Nachifunga? Woyankha odi uja?"

"Munachoka kale, bambo. Kunali mlenje wina, Kambalame. Analowa osaodira, nagwa m'phompho. Abale ake anati wamukankha ndi Nachifunga. Amayi anayamba kuopseza naye ana. Ena anati ali ndi mano. Ena anati ali ndi zikhadabo. Tsopano wodutsa pafupi amangoponya mwala n'kuthawa."

Kutacha, Chatsalira anakwera. Njira inali itamera tsekera. Pakhomo pa mpata panali mulu wa miyala yoponyedwa. Chifunga chili bii, ngati utsi wa nkhuni zaziwisi.

Anagoneka ndodo, nagwada, naomba m'manja.

"Odi kuno!"

Zii.

"Odi kuno!"

Zii.

"Odi kuno, eni khomo!"

Chifunga chinagwedezeka. Munatuluka chinthu chachitali, chowerama. Mano ngati makasu. Zikhadabo ngati zikwakwa. Nsalu yoyera ija itada, itang'ambika ndi miyala. Chinatsegula pakamwa, ndipo munatuluka mawu otsika, ofewa, amene Chatsalira anawasiya pakhomo ali mnyamata.

"Bwererani, mlendo. Amati ndimadya anthu. Ndiye njala ndili nayo."

Chatsalira sanathawe. Misozi inangoyenda yokha.

"Bodza limenelo," anatero. "Ine ndinalipo mukubadwa. Ndinu wamtali ngati nsungwi. Mumanunkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Mano mulibe."

Chikhadabo chimodzi chinanjenjemera, koma sichinagwe.

"Inu ndinu mmodzi," anatero Nachifunga. "Iwo ndi ambiri."

"Mkazi wanga akumumeta lero. Ndiperekezeni. Ndigwireni dzanja."

"Ndikakugwirani, ndikuchekani."

Chatsalira anatola ndodo yake, nagwira kuno, napereka uko. Nachifunga anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaigwira ndi nsonga za zikhadabo.

"Lowani, mlendo. Pondani pomwe ndaponda."

Analowa. M'katimo munalibe kumwamba, munalibe pansi. Munali mawu okhaokha, akuyandama ngati nthenga. Mawu onse amene anthu ananenapo pampatapo anali momwemo, osatha. Anamva matemberero a oponya miyala. Anamva ana akulira ndi mantha. Atapita m'kati, anamva odi wa anthu amene anafa kalekale. Atapitanso m'kati, anamva kuseka kwa tsiku loyamba lija. Anamva mbiya zikutulidwa pansi. Anamva mawu a mnyamata wina akuti, "Inu, dzukani. Mukundichititsa manyazi."

Anaima.

"Musaime," anatero Nachifunga. "Phompho lili apa."

Anayenda. Ndodo inkamukoka pang'onopang'ono, iye n'kumaponda pamapazi onyowa, mpaka chifunga chinayamba kuyera. Pansi apo mudzi unaoneka, utsi wake ukukwera.

Nachifunga sanasiye ndodo.

"Tamvani, bambo. Anthu ali pamaliro, mitima yawo ndi yofewa. Mukakawauza kuti Nangondo sanafe, kuti ndine amene, adzakhulupirira. Akakhulupirira, ndidzakhala iye. Nkhope yake, manja ake a dothi, kuseka kwake. Ndidzatsika nanu kumudzi. Njala imeneyi idzandithera, ndipo inu mudzamupezanso."

Chatsalira anatembenuka, nafunsa:

"Nanga Nangondo mwini wake?"

"Wamoyo sametedwa. Adzakhala pakati, osapita, osabwera."

"Nanga pampata pano?"

"Padzatsala phompho lokha."

Nachifunga anasiya ndodo. Chatsalira anatsika phiri, mawu awiri akulimbana pakamwa pake.

Anapeza anthu atakhala pabwalo, lumo lili m'manja mwa a Dzoole, mlongo wake wa Nangondo. A Dzoole anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Ha! Alamu! Mvula ija yagwa tsopano? Kapena mwamva fungo la mowa?"

"Nditukwaneni, alamu. Ndi zoona."

"Mwadzera kuti?"

"Pampata."

Amayi anakoka ana awo. Onse anamuyang'ana pakamwa.

"Mwamuona? Ndi ndani ameneyu? Tiuzeni!"

Chatsalira anaona kuti chilichonse chimene anene, achimeza. Anayang'ana mbiya za mowa zili pamzere pansi pa mtengo. Anazidziwa. M'khosi mwa iliyonse munali timizere ta chala cha Nangondo. Manja amene anaumba mbiyazo anali atagwira ntchito yawo, anali atatopa.

"Alamu," anatero, "yambani ndi ine. Ndimeteni."

A Dzoole anamumeta. Tsitsi loyera linagwera pamodzi ndi la abale. Chatsalira anaweramira pansi nanong'ona, "Ndinachedwa, Nangondo. Musandidikirenso. Pitani bwino."

Kamphepo kanadutsa pabwalo, kanatola titsitsi, kanapita.

Pamenepo Chatsalira anaimirira. "Mwafunsa kuti ndi ndani. Ndi yemwe uja tinamuodira. Nsalu yoyera tinamuveka ndife. Mano munamupatsa ndinu. Akumva njala imene si yake, ndipo ndi njala yomweyo wandiperekeza."

"Nanga Kambalame?" anafunsa wina.

A Dzoole anapukuta lumo. "Aa, tisanamizane, abale. Kambalame anakwera phiri atakhuta mowa wa maliro a eni. Tonse tinamuona akupatsa moni chitsa."

Wina anaseka. Wina anasekanso. Ngakhale abale a Kambalame anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka.

Anasenza mbiya imodzi ya mowa, nakwera onse, akulu ndi ana omwe. Anachotsa mulu wa miyala. Anagwada. Anaomba m'manja, phiri lonse n'kumveka.

"Odi kuno!"

Chifunga chinagwedezeka. Nachifunga anatuluka ndi mano ake. Ana analira.

"Musathawe," anatero Chatsalira. "Nenani zimene mukudziwa."

Nkhalamba ina inati, "Ndi wamtali ngati nsungwi." Msana unawongoka. Ina inati, "Amavala zoyera." Nsalu inayera. Kamtsikana kena kananunkhiza, nikati, "Amayi, kukununkhira mvula!" Mano anathothoka ngati matalala, nasungunuka. Zikhadabo zinagwa, zili masamba a nsungwi.

"Lowani, alendo. Pondani pomwe ndaponda."

Njira inatseguka, ndipo mchere unabweranso m'mudzi.

Chatsalira sanapitenso ulendo. Koma m'mawa uliwonse ankakwera ndi ndodo yake mpaka pampata. Ankagwada, n'kuodira. Yankho likabwera, ankatseka maso. Kenaka ankadzuka, n'kubwerera kumudzi.

Tsiku lina Nachifunga anamufunsa, "Bambo, mumaodira tsiku ndi tsiku. Bwanji simulowa?"

"Kulibe kumene ndikupita," anatero Chatsalira. "Ndimangodzera mawuwo."

Ukumva, mwanawe? Chimene anthu ambiri anena za wina chimamera pathupi pake. Mukamunenera mano, mudzalumidwa ndinu. Tsono ukafika pamene sukuona kutsogolo, usayambe ndi mwala. Yamba ndi odi.

Nthano yanga yathera pomwepo, pakhomo pa mpata.