Mikanda Yoyera ya Mwatitha

Chilape! Mlendo wanga alibe miyendo, koma anakafika pansonga pa tsekera. Mwalephera, ana inu? Tamverani.

Kalekale, pansi pa mtengo wa mango, panali mudzi wa tintchentche. M'mudzimo munali Sigele ndi mng'ono wake Mwatitha. Ankadyera limodzi mango owola, ankagona tsamba limodzi.

Tsiku lina Mwatitha anakumana ndi Chuku, mphwake wa Bowa.

"Mwana iwe, tandibereka," anatero Chuku. "Ndidzakuveka mikanda yoyera m'chiuno."

Mwatitha anamubereka. Tsikulo anagona pambali pa mkulu wake monga mwa nthawi zonse.

Kutacha, Mwatitha osakhazikika. Atera apa, auluka. Atera apo, auluka.

"Iwe, tadya!" anatero Sigele.

"Achemwali, mlendo uja walowa m'mimba. Akuti tikwere."

"Mukwere kuti?"

"Kumwamba."

Dzuwa litapendeka, Mwatitha anayamba kukwera tsekera. Kukwera, kukwera. Sigele ali pansi: "Tsika, Mwatitha! Tsika!" Iye kukwera basi. Pansonga anamatirira, natambasula mapiko, nauma gwaa! Mikanda ija inatuluka m'chiuno, mbee! Kenaka inayamba kuwaza kafumbi koyera ngati ufa.

Mudzi unasonkhana. Azakhali awo anati, "Sigele, mwambo ukuudziwa. Kwera ukamutseke maso m'bale wako."

Sigele anayang'ana kafumbi kaja. Mtima unkati kwera, mapiko ankati thawa.

"Sindikwera, azakhali. Nanunso musakwere. Mlendo uja akufuna msana wina."

"Tamuonani mfiti! Kukana maliro a mng'ono wake!" anatero azakhali.

Onse anakwera, nalira atamukumbatira Mwatitha. Sigele anathawa, akulirira m'njira. Pasanapite nthawi, tsekera aliyense anali ndi wake pansonga, azakhali omwe, onse atavala mikanda yoyera.

Sigele anatsala yekha. Mpaka lero sakhalitsa malo amodzi. Akatera, atikita manja, apukuta kumaso, apukuta mapiko, kufunafuna kafumbi kaja. Ukati umuyandikire, wauluka.

Mlendo wopanda miyendo uja ndiye Chuku. Nthano yanga yatera pamenepa. Wina akakupemphani msana, muyambe mwamufunsa kumene akatsikire.

Kenaka kamtsikana kena mwa ana omvera nthanoyo, kakudzikanda pamsana, kanafunsa:

"Nanga Sigeleyo, si anagona naye tsamba limodzi tsiku lija?"