Nthiti za Namzeze

Kuseri kwa nyumba ya mkulu wina wopala matabwa kunali shedi yamalata, ndipo m'shedimo munkagona boti lakale la mpikisano lotchedwa Namzeze. Bambowo analikhoma okha ali mnyamata, thabwa ndi thabwa, ndipo masiku amenewo opikisana nawo ankangoona thovu kumbuyo kwake. Koma zaka sizinyengerera munthu. Botilo linayamba kufumbwa pansi, eni ake nawonso mtima unatopa, mpaka adokotala anauza ana awo kuti asamayembekezere zambiri.

Anawo anali awiri: wamkazi, amene ankawasamalira pakhomopo, ndi mlongo wake, makaniko wa magalimoto yemwe anthu ankangomutchula kuti Sipanala. Manja anali nawo abwino mnyamatayo, zimenezo palibe angatsutse. Chimene Mulungu anam'mana ndi makutu.

Tsiku lina bambowo anawaitana onse awiri kuchipinda.

"Sindikupemphani zambiri," anatero. "Ndisanapite, ndikhalemo m'botimo kamodzi kokha, lili pamadzi. Kuthamanga ayi, kungokhalamo."

Sipanala anadziguguda pachifuwa. "Zimenezo zisiyireni ine, bambo. Mawa lomwe ndiliphwasula."

"Khala pansi, ndikuuze," anatero mkuluyo, akupuma movutikira. "Boti si injini. Uchotse thabwa limodzi, upale lina lofanana nalo, ulikhome pomwepo, kenako upite pa linzake. Nthiti za m'katizo ndinachita kuzipinda ndi nthunzi, ndipo chimene chikuzigwira ndi matabwawo. Ukazivula zonse pakamodzi, zikumbukira kuti zinali mtengo."

"Ndamva, bambo."

Kumva kwake kunathera pakhomo la chipindacho. Atafika m'khitchini anayamba kuseka.

"Thabwa limodzilimodzi? Timaliza liti, achemwali? Mwamva nokha zimene ananena adokotala."

"Koma achimwene, eni ake anena."

"Ine ndaphwasula malole mpaka kutsala mafupa okhaokha, n'kuwadzutsanso. Kuphwasula n'kumodzi basi. Chimene wachotsa pomaliza ndicho umayamba kubwezera."

Chikondi chinalimo m'mawu amenewa, sitikana. Koma matama analinso momwemo, ndipo ndiwo anagwira chiwongolero.

Anagwira ntchito ngati munthu wothamangitsidwa ndi njuchi. Misomali yamkuwa ankaizula n'kumaiponya m'chitini, matabwa ankawayala pasimenti m'mizere monga amachitira ndi zitsulo kugalaja, lililonse atalilemba ndi choko. Nthiti anazisanja pakona. Sabata isanathe, pamene panali Namzeze panangotsala mpata ndi fumbi.

Bambowo sankatha kudzuka, koma makutu a mmisiri sakalamba.

"Hamala imeneyo ikulira mofulumira," anauza mwana wawo wamkazi akuwapatsa mankhwala. "Wafika pati mlongo wakoyo?"

"Zikuyenda, bambo," anayankha, maso ali pa sipuni. Bodza limeneli linamuwawa, koma analibwereza tsiku ndi tsiku mpaka linazolowera pakamwa.

Atatha kuphwasula, Sipanala anatembenukira kumene mtima wake unali, ku injini ya botilo. Anaimasula yonse, kuitsuka ndi petulo, kusintha zakutha, kuipukuta mpaka kumadziona nkhope. Masabata anapita ali pa benchi akuimba likhweru. Nthawi yonseyo dzuwa linali kuwotcha malata, ndipo pansi pa malatawo mitengo inali pa ntchito yakeyake. Chitsulo ukachisiya pansi chimakudikira. Thabwa silidikira munthu.

Tsiku lobwezera litafika, anatenga nthiti yoyamba n'kuiika pamalo pake. Sinakhale. Inali itatambasuka ngati munthu wodzuka kutulo. Anatenga thabwa lolembedwa bwinobwino ndi choko, koma linali litapotoka, mabowo ake osakumananso ndi a nthitiyo. Anayesa lina, chimodzimodzi. Thukuta linayamba kutsika. Pamenepo munthu wanzeru akanalowa m'nyumba n'kukagwada, koma iye anatenga chopanira chachitsulo n'kuyamba kumanga mwamphamvu. Nthitiyo inalira kamodzi, thyo, n'kugwa zidutswa ziwiri. Yachiwiri inatsata inzake.

Phokosolo linafika kuchipinda.

"Ndiikeni pa mpando wanga wamatayala," anatero bambowo.

"Kunja kuli mphepo, bambo."

"Ndati ndiikeni."

Mwana wamkaziyo anawakankha mpaka pakhomo la shedi, misozi ili m'maso. Mkuluyo anayang'ana mizere ya matabwa pasimenti, chitini cha misomali, ndi mwana wawo ataima ndi chopanira m'manja. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangotambasula dzanja, Sipanala n'kuwapatsa chidutswa cha nthiti. Anachisisita ndi chala nthawi yaitali.

"Iyi ndinaipinda mayi ako akundigwirira ketulo," anatero.

"Bambo, ndipinda zina. Mungondiuza mmene..."

"Uzipinda motengera chiyani? Maonekedwe a botili sanali pa pepala, mwanawe. Anali m'botimo. Wawataya pansi ndiwe." Kenako anatembenukira kwa mwana wamkaziyo. "Nawenso unkati zikuyenda. Ndibwezere m'nyumba, ndazizidwa."

Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso dzina la Namzeze. Sipanala ankabwera kudzakhala pambali pa bedi, bambowo n'kumamufunsa za kugalaja mwaulemu, monga mmene munthu amachezera ndi mlendo. Ulemu umenewo unkamubaya kuposa mbama. Nyengo yamvula isanafike bambowo anatisiya, madzi osawaonanso.

Lero matabwa aja akadali m'shedimo, choko chake chikufufutika, ndipo ana awiriwo amalonjerana ngati anthu ongodziwana pamsewu. Chimene chinachira ndi injini yokha. Imaliratu bwino, kukoka chingwe kamodzi basi. Nthawi zina Sipanala amailiza pa benchi pomwepo, shedi yonse n'kumanjenjemera, utsi uli tolotolo, iye ataima chilili kuiyang'ana ikupota mphepo popanda kumene ikupita. Mlongo wake akamva phokosolo amangotseka zenera la kukhitchini.

Akuluakulu sananame pamene anati kuthamanga sikufika.