Dzungu la pa Dzala

Kalekale, agogo anu asanamere ndi dzino limodzi lomwe, kunali bambo wina dzina lake Gelesomu. Khalani pansi, ana inu. Manja aziswa mtedza, makutu azimva. Iwe Khumbize, ndakuona. Woponya m'kamwa ukuchuluka kuposa woponya m'lichero.

Gelesomu anali mlimi, osati wamasewera ayi. Munda wake unali m'mbali mwa mtsinje, nthaka yake yakuda bii. Anali ndi mkazi wake Nangondo, ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana dzina lake Dolika. Dolika ameneyu bambo ake ankamukonda koopsa.

Pamudzipo panali tchalitchi chofolera ndi udzu. Belu lake linali khasu lakutha, lopachika pa mtengo. Chaka ndi chaka, anthu akamaliza kukolola, kunkakhala Sabata la Masika. Aliyense ankasenza zina mwa zokolola zake, n'kukaziika kutsogolo m'tchalitchi, kuthokoza Mulungu. Mapemphero akatha, akulu a mpingo ankagawira zinthuzo amasiye, odwala, ndi onse amene sanakolole.

Loweruka, mawa lake kuli Masika, Gelesomu ankakhala pa mphasa ndi Dolika, kusankha chimanga.

"Ichi, Ababa?"

"Ayi mwanangu, chimenecho anankafumbwe alawa kale."

"Nanga ichi?"

"Eya, chimenecho. Choyamba n'cha Mwini munda."

"Mwini munda si inu, Ababa?"

"Ine ndine wolima chabe. Mwini wake ali kumwamba."

Mawu abwino, si choncho? Koma ndikuuzeni zoona. Gelesomu ankakonda Mulungu, inde, koma ankakondanso maso a anthu. Ankadikira kuti tchalitchi chiyambe chadzaza. Kenako ndiye n'kumalowa, madengu ali ndondondo pambuyo pake, iye akuyenda pang'onopang'ono, uku akutsokomola kuti osinza adzuke amuone.

Chaka china, chimanga chitakhwima kale, kunagwa chimvula. Chinagwa, chinagwa, chinagwa. Mtsinje unasefukira. Minda ya kumtunda inapulumuka, koma wa Gelesomu madzi anaukokolola wonse, psiti. Panatsala mchenga wokhawokha.

Anzake anakolola. Nkhokwe ya Gelesomu inangoti pululu.

Kunabwera Esawu, woyandikana naye nyumba, atasenza dengu la chimanga.

"Achimwene, landirani kameneka, mwana adyeko."

"Wakuuzani ndani kuti kuno kuli njala? Bwererani nalo. Ine Gelesomu sindinapemphepo kwa munthu."

Esawu anabwerera nalo.

Kunabwera mchemwali wake wa Nangondo, atasenza chinangwa.

"Alamu, landirani kameneka, mwana adyeko."

"Wakuuzani ndani kuti kuno kuli njala? Bwererani nacho."

Nayenso anabwerera nacho.

Nangondo anadandaula. "Abambo a Dolika, taonani mkono wa mwanayu. Chibangili chayamba kuvuka chokha."

Gelesomu anayang'ana kumbali. Zinamupweteka, musaganize kuti sizinamupweteke. Koma manyazi anali atamugwira.

Ndiye ankadya chiyani? Nkhwani. Kuseri kwa nyumba, pa dzala potaya zinyalala, panamera dzungu, n'kuyanga pa phulusa ponsepo. M'mawa nkhwani. Masana nkhwani. Akapeza kagaga, kaphala kamadzimadzi.

Tsiku lina Dolika akuthyola nkhwani, anavundukula masamba, n'kupeza dzungu litabisala. Limodzi lokha. Lalikulu ngati mutu wa Khumbizeyu.

"Amayi! Amayi! Bwerani mudzaone!"

Nangondo analigogoda ndi chala. "Lisiye likhwime bwino, mwanangu. Limeneli tidzaliphika tsiku losowa pogwira."

Masika anafika. Loweruka lija Dolika anayala mphasa monga mwa masiku onse.

"Ababa, chaka chino tisankha chiyani?"

"Pinda mphasayo," anatero Gelesomu. "Mawa pakhomo pano palibe wopita ku tchalitchi. Ndikathokoze chiyani? Mchenga? Ndikalowe manja lende, anthu azikandiloza?"

Dolika anapinda mphasa. Koma mtima wake sunagone.

M'mawa mwake khasu lija linalira. Nge! Nge! Nge! Gelesomu anatenga kampando kake n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, kuti odutsa asamuone.

Dolika anapita pa dzala, n'kuthyola dzungu. Potembenuka, anapeza amayi ake ataima pambuyo pake. Nangondo anayang'ana dzungu. Anayang'ana mwana. Anayang'ana kukhitchini kumene kunalibe kanthu. Anangomasula mpango kumutu kwake, n'kupota nkhata, n'kumutwika mwanayo.

Dolika anauyamba ulendo, akuimba:

Dzungu iwe si langa,
tiye kwanu, dzungu, tiye.
Dzungu iwe si langa,
tiye kwanu, dzungu, tiye.

Panjira anakumana ndi Mbuzi.

"Mee! Dolika, dzungu ukupita nalo kuti?"

"Kwa Mwini wake."

"Mulungu sadya maungu. Ine ndimadya. Tula pansi."

"Iwe Mbuzi, unayamba wathokozapo munthu? Choka apa."

Mbuzi inachoka ikutafuna, ngakhale m'kamwa munalibe kanthu. Dolika anapitirira, akuimba:

Dzungu iwe si langa,
tiye kwanu, dzungu, tiye.

Patsogolo anakumana ndi Khwangwala, ali pa nthambi.

"Khwa! Dolika, dzungu ukupita nalo kuti?"

"Kwa Mwini wake."

"Ndachokera komweko. Anzako asenza madengu, asenza mitolo ya nzimbe. Iwe kadzungu kamodzi? Akakuseka."

"Akaseke. Sindikupita kwa iwowo."

Khwangwala anauluka akunyogodola. Dolika anapitirira.

Wachitatu ndiye anali woopsa, chifukwa sanali panjira. Anali m'kati. Mimba yake yomwe inayamba kulankhula.

"Guu. Dolika, tabwerera. Tangoganiza dzungu lophika, lofewa, lotsekemera. Ukalisiya uko, mawa tidya chiyani?"

Apa Dolika anaima. Misozi inalengeza. Mbuzi unkatha kuithamangitsa, Khwangwala unkatha kumuponyera mwala, nanga mimba yako ungaithawire kuti?

"Mawa sindikudziwa," anatero Dolika. "Ndikudziwa za lero."

Anakonza nkhata, n'kuyenda. Nyimbo sinatulukenso, koma anayenda.

Kunyumba kuja, Gelesomu anadutsa pa dzala. Anaona masamba ali vundukuvunduku, dzungu palibe.

"Mayi a Dolika! Dzungu lili kuti?"

"Lapita ku tchalitchi."

"Lapita lokha?"

"Lapita ndi mwana wanu."

Ee! Gelesomu analiyatsa liwiro. Malaya ong'ambika a kumunda, mapazi opanda nsapato, fumbi lili koboo pambuyo. Ankati akamutsekereze mwanayo asanalowe, anthu asanaone umphawi wake.

Anachedwa. Atafika pakhomo la tchalitchi, Dolika anali atafika kale kutsogolo. Gelesomu anabisala kuseri kwa chitseko, n'kumasuzumira.

Kutsogoloko kunali mulu wa chimanga. Kunali mtedza, nyemba, mbatata, mawere. Dolika anatula dzungu lake pambali pa muluwo, ndipo linaoneka laling'ono. Ena anayamba kunong'onezana.

Mkulu wa mpingo, a Yotamu, nkhalamba ya imvi, anawerama.

"Mwanawe, kwanu madzi anatenga zonse. Dzunguli walipeza kuti?"

"Pa dzala, agogo."

Anthu anaseka. Kuseri kwa chitseko, Gelesomu analakalaka nthaka itang'ambika.

"Analibzala ndani?" anafunsanso a Yotamu.

"Palibe. Ababa sanalibzale. Amayi sanalibzale. Palibe analipalira. Mulungu analima yekha, pamene ife timataya zinyalala."

Kuseka kunayamba kuchepa.

"Ababa amandiuza kuti choyamba n'cha Mwini munda," anatero Dolika. "Ili ndi loyamba. Ndiye ndabwera kudzamuuza kuti zikomo."

"Nanga kunyumba kwatsala angati?"

"Linali lomweli."

Mayi wina anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Gelesomu anamva mawu ake omwe akutuluka m'kamwa mwa mwana wake. Iye ankangowanena. Mwanayo anawakhulupirira. Manyazi aja anasungunuka, misozi n'kuyamba kutsika. Bambo wamkulu, wandevu zake, kulira ngati khanda.

Analowa. Sanatsokomole. Anayenda ndi malaya ake ong'ambika, manja lende, mpaka kutsogolo, n'kugwada pambali pa Dolika.

"Ambuye," anatero, "zaka zonsezi ndinkabwera ndi madengu kuti anthu andione. Chaka chino mwatidyetsa ndi masamba a pa dzala, ine osathokoza. Ndikhululukireni. Zikomo."

Dolika anamugwira dzanja. Anthu anaimba nyimbo, anapemphera, mapemphero n'kutha.

Mukuganiza kuti yatha? Ayi. Chovuta chenicheni chinali chisanafike.

A Yotamu anaimirira. "Tsopano tigawe. Amene simunakolole chaka chino, imirirani."

Anaimirira amasiye. Anaimirira gogo wina wosaona, ndipo dzungu la Dolika anapatsa iyeyo. Analisisita, analisisita, akumwetulira ndi nkhama zokhazokha.

Gelesomu anakhalabe pansi. Kuthokoza Mulungu anali atathokoza. Koma kuimirira pakati pa olandira, mudzi wonse ukuona?

Dolika anamukoka chala, n'kunong'ona. Koma mukudziwa kunong'ona kwa ana, kumamveka mpaka kumbuyo.

"Ababa, ifenso sitinakolole."

Gelesomu anayang'ana mwana wake. Anaona kamkono kowonda kaja katagwira chala chake. Anapuma mwamphamvu, n'kuimirira.

Palibe anaseka. Ndi mmodzi yemwe.

Amene ananyamula dengu kubwera nalo kwa iye anali Esawu, yemwe uja Gelesomu anamubweza pakhomo.

"Achimwene, landirani. Si changa ichi. Ndachipereka kale kwa Mwini wake, ndiye wandituma."

Gelesomu anawomba m'manja katatu. Anatambasula manja onse awiri, n'kulandira.

"Zikomo, achimwene," anatero. "Mwana wanga adya lero."

Ndipo anadyadi. Madzulo amenewo Dolika anadya mpaka anagona chakudya chili m'manja, bambo ake n'kumunyamula kukamugoneka.

Mwamva, ana inu? Kuthokoza sikudikira kuti nkhokwe idzaze. Wokolola zambiri athokoze, wokolola pang'ono athokoze, chifukwa mvula sitiigwetsa ndife, ndipo mbewu sitiiuza ndife kuti imere. Ndiponso wina akakuninkhani kanthu m'dzina la Mulungu, musatukule mphuno. Landirani ndi manja awiri. Nakonso n'kuthokoza komweko, ndipo kwa ife akuluakulu n'kumene kumavuta kwambiri. Ine ndimakukondani, n'chifukwa chake ndikukuuzani mudakali aang'ono.

Nthano yanga ndi imeneyo, yathera pomwepa.