Mabolopeni a Kumchira

Chipinda choulutsira mawu chinali chothina, chokhala ndi mpando umodzi wolira ndi mayikolofoni yomanga ndi tepi, koma m'menemo ndi momwe a Dzukani ankadzutsira dziko lonse. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Aliyense ankawatchula ndi mfuu yomwe ankatsegulira pulogalamu yawo ya m'mawa: "Dzukani, dzukani, tulo si ntchito!" Munthuyo pakamwa anali napo. Akayamba nthabwala, madalaivala ankaiwala kuliza hutala, ndipo mkaka unkasefukira pamoto mwiniwake akupukuta misozi ya chiseko.

Nthabwala yomwe inawatchukitsa inali yonena boma lina lakutali, lakumalire, lomwe iwo analipatsa dzina loti Kumchira. Anafikako kamodzi kokha, kalekale, basi itawafera panjira. Atapempha bolopeni pagolosale kuti alembe nambala ya makaniko, bolopeniyo inasowa. Eni dera anawapatsa madzi osamba ndi pogona, m'mawa mwake n'kukankha basi ija mpaka inalira. Za pogona a Dzukani anaiwala msanga, koma za bolopeni ayi. "Munthu wa Kumchira ukamupatsa bolopeni," ankatero pa wailesi, "amayiyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, zikomo bwana, khutu limandiyabwadi!" Anthu ankafa nalo phwete.

Chaka cha chisankho chitafika, oyimba foni anayamba kuwathira moto. "Inu a Dzukani, bwanji osangoyimira upulezidenti?" Zinayamba ngati macheza, koma mlamu wawo, mwini kagalimoto kapikiyapu ndi chimkuzamawu chobwereketsa pa misonkhano, anazitenga ndi manja awiri. Tsiku lina anatulukira ndi zikalata zochokera ku bungwe loyendetsa zisankho, n'kuziyala pa tebulo la mlongo wake, mkazi wa a Dzukani, yemwe anali telala. Mayiyo anakankhira nsalu pambali, tepi yoyezera ili m'khosi, nayamba kuwerenga mokweza.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu kupita m'tsogolo."

"Imvi izi ndi umboni!" anafuula a Dzukani akuzungulira tebulo.

"Nzika yobadwira m'dziko muno, yolembetsa m'kaundula wa voti, yosamangidwapo pa mlandu waukulu."

"Zonsezo ndine! Pitirizani, mayi a kuno, pitirizani!"

"Wamutu wogwira bwino ntchito. Apa pokha ndikukayika."

Nyumba yonse inaseka. Atafika pa mfundo yoti woyimira asankhe wachiwiri wake, mlamu anatsokomola kawiri n'kukonza kolala. Kenako chala cha telala chinayima pa mzere wina. "Apa akuti mupeze anthu khumi olembetsa voti m'boma lililonse, akusayinireni kuti akukuvomerezani. Lililonse, bambo a kuno. Ndi Kumchira komwe. Mawa mukutsanzika pa wailesi, poti woyimira saloledwa kukhalanso pa mayikolofoni. Apepeseni anthu aja dziko lonse likumva."

"Anthu khumi okha? Ine ndikangoyetsemula amabwera zana. Anthu aja amandikonda, ndine ndinawatchukitsa."

M'mawa mwake mafoni anachita kulindana. Ena ankalira, ena ankayimba, ndipo ambiri ankapempha chinthu chimodzi: "Ya bolopeni ija, a pulezidenti, komaliza!" Mawu a mkazi wawo anawabwerera, koma kutamandidwa kumatseka makutu. Anaikamba nthabwala ija, n'kuithiranso mchere, mpaka wosakaniza mawu kuseri kwa galasi anagwa pampando.

Ulendo wosaka osayina unali chikondwerero chokhachokha. Telala, ngakhale anali ndi kakhumbi mumtima, anasoka malaya achikasu olembedwa kuti TULO SI NTCHITO, ndipo kapikiyapu kanazungulira dziko chimkuzamawu chili pamwamba. Kulikonse anthu ankalimbirana kusayina. Kwina ogulitsa mumsika anasiya malonda pambalambanda n'kuthamangira galimoto, kwina mkulu wina anakwiya mpaka kutaya chipewa chifukwa anafika wachikhumi ndi chimodzi. Mlamu anasasa mawu, koma sanasiye kufuula. Kumchira anakusiya komaliza. "Mchira umabwera pambuyo," anatero a Dzukani, n'kusekanso okha. Anafikako kutatsala tsiku limodzi kuti bungwe litseke kulandira zikalata.

Chikhamu chomwe chinawachingamira sanachionepo kwina kulikonse. Ana anathamangira galimoto kuyambira pa mlatho, njinga zinandanda mbali zonse za msewu, ndipo mfuu inali imodzi: "Dzukani! Dzukani!" Mlamu anawagwedeza phewa. "Alamu, mwaona? Mlongo wanga uja amangodya nkhawa zachabe!" Tebulo anali atayala kale pakhonde la golosale ija, yomwe tsopano inali sitolo yaikulu ya zitseko ziwiri. Mwini wake, mayi wojintcha wovala magalasi, anawalandira ndi ulemu wonse nawapatsa mpando.

A Dzukani analankhula za misewu, za zipatala, za ntchito, anthu akuwomba m'manja. Mtima uli m'mwamba, anatsegula katoni ya mabolopeni n'kuuza mlamu kuti agawire aliyense, osati khumi okha. Mabolopeni atatha kuyenda, pabwalo panagwa bata. Mayi wa sitolo anayimirira. Anayiyang'ana bolopeni yake uku ndi uku, n'kuilowetsa m'khutu pang'onopang'ono.

"Zikomo bwana, khutu limandiyabwadi!"

Bwalo lonse linachita chimodzimodzi. Aphunzitsi, anamwino ovala zoyera, wamkulu wa positi yemwe anali ndi mabolopeni ake atatu m'thumba la shati, onse anapendeka mitu akukanda m'makutu, maso atatsinzina ngati akumva kukoma. Chiseko chinaphulika mpaka nkhunda zinauluka padenga. A Dzukani anaseka nawo, poyesa kuti ndi chikondi. Atatopa kuseka, anatambasula chikalata.

"Chabwino abale anga, tsopano khumi oyamba abwere asayine."

Palibe anasuntha.

"Kusayina ndiye kutani, bwana?" anafunsa mphunzitsi wina mwaulemu. "Ife za m'khutu zokhazi ndiye timazidziwa."

Apa a Dzukani anavula chipewa. Anati zinali nthabwala chabe, anati pakamwa pamaterereka, anatchula mayi uja kuti mayi anga. Mlamu anayamba kunong'oneza anyamata za kenakake kozizira, koma anyamatawo anangomulozera m'makutu mwawo.

"Bambo," anatero mayi wa sitolo atachotsa magalasi, "bulangete lomwe munafunda usiku uja linali langa. Bolopeni inasowa chifukwa mwana wanga anapita nayo kokalemba mayeso. Anakhoza, anapita kukoleji kutawuni. Tsiku loyamba anzake atamva kwawo, anamuunjikira mabolopeni pa desiki kuti akande. Anandiyimbira foni akulira. Inu munkati mukuseketsa dziko, ife tinkadzuka ndi manyazi m'mawa uliwonse."

"Pepani, mayi. Ndagwira mwendo wanu. Pepani nonse."

"Munatinyoza dziko lonse likumva. Kapepeseni komweko, ndipo tidzasayina mpaka inki itatha."

"Koma wailesi ndinasiya, mayi, ndipo ku bungwe la zisankho akutseka mawa."

"Ndiye mwachedwa kudzuka, a Dzukani."

Anayendayenda mpaka dzuwa kupendeka, kumsika, kuchigayo, kokwerera basi, koma paliponse ankapeza munthu akumwetulira, bolopeni ili m'khutu. Pobwerera chimkuzamawu chinali chozimitsa. Ku bungwe la zisankho anawalandira bwino, anawerenga masamba onse, n'kuwabwezera mwaulemu chifukwa tsamba limodzi linali loyera. Lamulo linati boma lililonse, ndipo silinasiye mchira kunja.

Mayina a oyimira upulezidenti anawamvera kunyumba, pa wailesi yawo yomwe ija, akuwerengedwa ndi mtsikana yemwe anatenga mpando wolira uja. Anamvetsera mpaka dzina lomaliza, ngati kuti mwina lawo litulukira mwangozi. Mkazi wawo sananene kuti ndinakuuzani. Anangowaikira tiyi patsogolo, n'kubwerera pa makina, pomwe ankasandutsa malaya achikasu otsala aja kukhala zovekera mapilo. Mpaka lero a Dzukani amatsamira mutu pa mawu oti TULO SI NTCHITO, ntchito alibe, tulo natonso tosabwera. Phazi lawo linaponda Kumchira kalekale lija n'kufufutika ndi mvula, koma zomwe ananena zinawadikira pakhonde la sitolo zaka zonsezo. Akuluakulu sananame: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.