Mayi Amene Anafa Kawiri

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwalika, pa tauni ina panali bungwe losamalira ana amasiye. Linali ndi nyumba yogona ana, mpanda wa njerwa, ndi lamulo limodzi louma gwa: ankalandira mwana yekhayo amene makolo ake onse ali kumanda.

Kuseri kwa msika kunkakhala Nachisale, mayi wogulitsa makala, wa chifuwa chosatha. Mwamuna wake anali atamwaliradi. Mwana wake, Mwatitha, anali atasiya sukulu n'kumapempha pa depoti, ndipo makondakitala ena anali atayamba kumuyang'ana ndi maso oipa.

Mlongo wake wa Nachisale, Bizwiki, anali munthu wa pakamwa poterera. Tsiku lina anati, "Achemwali, kuti mwanayu apulumuke, inu mufe."

"Ndife bwanji, wamisala iwe?"

"Pakamwa pokha. Zolira mundisiyire."

Anapitadi kubungwe kuja, ndipo analira bwino zedi mpaka anamuphikira tiyi. Mwatitha analandiridwa.

Nachisale anachita mbali yake. Pomutsanzika mwana anamugwira khutu nati, "Wina akakufunsa, ine ndinafa. Ngakhale ndiime pageti ine mwini, sundidziwa. Wamva?" Mwana anamva. Ankaonana patali pokha, ana akamadutsa pamsika popita kutchalitchi, mayi ali mbuu ndi makala, kunamizira kuyang'ana kwina.

Woyang'anira nyumba ija anali mayi Chikuse, munthu wokonda ana koma wa bala mumtima. Kale anatulutsapo mtsikana wina kwa bambo wobwera ndi uthenga wa matenda, mtsikanayo n'kukapezeka wakwatitsidwa. Analumbira kuti sadzapusitsidwanso.

Mwatitha ananenepa, anayamba kukhoza m'kalasi. Koma chifuwa cha Nachisale chinakula mpaka kumugwetsa pamphasa. Anati, "Bizwiki, kanditengere mwana ndimugwireko dzanja."

Bizwiki anathamanga. "Mayi, ndipatseni Mwatitha. Amayi ake ali kayakaya."

"Amayi ake ati? Si inu munati munawakwirira ndi manja anu?"

"Ayi, pajatu... ndinkanama. Lero ndiye ndikunena zoona."

"Wabodza akati lero ndikunena zoona, ine ndidziwa bwanji?"

Mayi Chikuse anaitana mwana. "Mwatitha, usaope. Atsibweni akowa akuti amayi ako ali moyo. N'zoona?"

Mwana anayang'ana atsibweni ake. Anaganiza kuti akumuyesa. Ndiye anati, "Amayi anamwalira."

Geti linatsekedwa. Bizwiki atafotokoza kunyumba, Nachisale anamwetulira, misozi ikutsikira m'makutu. "Wamvera mwana wanga," anatero. Anatembenukira kukhoma, osadzukanso.

Mbiri ya maliro itafika kubungwe, mayi Chikuse anabwera naye okha mwana uja. Tsono tamverani zachilendo. Pamaliro ambiri anthu amalozana zala, koma apa aliyense ankadziloza yekha.

Bizwiki, amene ulendo uno misozi inamukanika, anati, "Ndine. Ndinawapha ndi pakamwa, imfa yangotsatira njira yomwe ndinalambula."

Mayi Chikuse anati, "Ayi, ndine. Kunyumbaku si kutali. Ndikanangovala nsapato n'kudzaona ndi maso anga. Komanso lamulo lathu lija ndinkaliona kuti limasiya ana ena panja, sindinanene kanthu."

Mwatitha sanakweze mawu. Anangoti, "Anandifunsa ine. Ndinawakana ndine."

Amayi ena osambitsa mtembo anang'ung'udza kuti mwini wakeyo, wagona apoyo, ndiye anamanga mwana pakamwa. Koma womwalira samuimba mlandu mokweza, ndipo iwonso anachita manyazi.

Ndiye inu mwakhala chete apa ngati simunanamepo, tandiuzani. Bizwiki ananama kuti mwana adye. Mayi Chikuse anatseka geti kuti mwana asabedwe. Mwatitha anamvera amayi ake, ndipo Nachisale anadzikana yekha kuti mwana aphunzire. Mwa anthu amenewa, ndani anamana mayi uja dzanja la mwana wake?